Obyčaj: liwu la Asilavu lotanthauza mwambo linachokera kuti?

Ku Poland ali ndi mwambi wakuti “Co kraj, to obyczaj”, kunena kuti dziko lililonse lili ndi mwambo wake. Anthu a ku Russia amati mzinda uliwonse uli ndi khalidwe lake, mudzi uliwonse uli ndi obyčaj wake. A ku Serbia ndiye amafika nawo patali: amati bola mudzi uthe kusiyana n'kuti običaj wa m'mudzimo ufe. Miyambi itatuyi ndi ya mitundu itatu ya Asilavu, yosiyana zipembedzo ndi kalembedwe, imene ina mwa iyo yamenyanapo nkhondo kangapo, koma liwu lomwe akugwiritsa ntchito ndi limodzi. Ku Czechia amati obyčej, ku Slovakia obyčaj, ku Croatia ndi ku Bulgaria običaj. Lembo la č limatchulidwa moyandikira ch wathu, ndipo A Polishi amalilemba cz. Lembo la j limatchulidwa ngati y wa mu “yanga”. Choncho liwuli limamveka ngati “obichai”.

Asilavu, anthu olankhula zinenero za Chisilavu monga Chirasha, Chipolishi ndi Chisebiya, alipo pafupifupi 300 miliyoni, kuyambira ku Prague mpaka ku Vladivostok. Zinenero zawo zonse zinachokera ku chinenero chimodzi chimene makolo awo ankalankhula asanabalalike. Alembi a ku Byzantium, ufumu wa Aroma wa kum'mawa, monga Procopius, anayamba kutchula za Asilavu cha m'ma 550, nthawi imene anali kuwoloka mtsinje wa Danube kulowera ku Balkan, chigawo cha kummwera chakum'mawa kwa Ulaya. Chinenero cha makolocho sichinalembedwe paliponse. Akatswiri amachidziwa poyerekeza zinenero za ana ake, ndiponso powerenga mabuku oyambirira a Chisilavu cha tchalitchi, chimene chinalembedwa Asilavu akumvanabe bwinobwino. Liwu likapezeka kum'mawa, kumadzulo ndi kummwera komwe, m'maonekedwe amene malamulo a kusintha kwa katchulidwe akuyembekezera, ndiye kuti ndi la makolo, si lobwereka dzulodzuloli. Obyčaj ndi limodzi mwa mawu otere.

Funso ndi lakuti makolowo analipanga kuchokera ku chiyani. Munthu wa ku Moscow kapena ku Warsaw lero akaliyang'ana, akhoza kulidula kuti o-byčaj, n'kuyamba kufunafuna tsinde loyamba ndi b. Pafupi pomwepo pali mneni byti, kutanthauza kukhala kapena kukhalapo, ndiponso liwu la Chirasha lakuti byt, lonena za moyo wa tsiku ndi tsiku wa pakhomo. Kuganiza kuti mwambo ndi “mmene zinthu zimakhalira” kukumveka bwino kwambiri, moti munthu angakhutire nazo. Koma si njira imeneyo. Lembo la b si la tsinde ayi, ndi la mphatikira wa kumayambiriro.

Liwuli lili ndi zigawo zitatu: ob, vyk ndi jaj. Ob ndi mphatikira wotanthauza mozungulira, kapena mbali zonse. Vyk ndi tsinde la mneni wakale vyknǫti, wotanthauza kuzolowera kapena kuphunzira. Jaj ndi mphatikira wa kumapeto wopanga dzina kuchokera ku mneni. Ziwiri zinachitika zigawozi zitalumikizana, ndipo zonse ziwiri zimachitika mwalamulo m'chinenero chonse, osati m'liwu lokhali.

Choyamba, v anasowa. M'Chisilavu chakale, b wa mu ob akagundana ndi v wa kumayambiriro kwa tsinde, v ankamezedwa. Umboni wake ndi wochuluka ndipo ndi wokoma kuutsata. Mtambo m'Chisebiya ndi oblak, kuchokera ku ob ndi tsinde la volk, lonena za kukoka kapena kufunda: mtambo ndi chofunda cha kumwamba. Oblast, liwu limene timalimva m'nkhani za ku Ukraine ndi ku Russia potchula zigawo za dziko, ndi ob ndi vlast, ulamuliro: dera limene ulamuliro wa wina walizungulira. Oboz, mdipiti wa ngolo zonyamula katundu wa asilikali, ndi ob ndi voz, ngolo. Obět, lonjezo lopangidwa kwa Mulungu, ndi ob ndi vět, tsinde lomwe likuonekabe mu sovet, upo, ndi mu privet, moni wa ku Russia. M'mawu onsewa v anagwa pamalo omwewo. Ndipo ngati wina akukayikabe, ayang'ane abale a obyčaj amene ali ndi mphatikira wina. Ku Poland kuli zwyczaj, ku Ukraine zvyčaj, ku Czechia zvyk, ku Russia privyčka ndi navyk. Onsewa akunena za mwambo, chizolowezi kapena luso lozolowereka, ndipo v akadali pamalo pake chifukwa panalibe b womumeza. Chipolishi chinasunga onse awiri, obyczaj ndi zwyczaj, moti mungawaike pamodzi n'kuona ndi maso pamene lembo linachoka.

Chachiwiri, k anasanduka č. M'Chisilavu, k akatsatiridwa ndi j kapena lembo la liwu lotchulidwira kutsogolo kwa kamwa ngati i ndi e, ankafewa n'kukhala č. N'chifukwa chake dzanja ndi ruka koma chogwirira kapena cholembera ndi ručka. Mphatikira wa jaj anachitanso zomwezi kwa matsinde ena: slučaj, chochitika, komanso urožaj, zokolola m'Chirasha, kuchokera ku tsinde la rod, kubereka, pamene d ndiye anafewa. Kwa olankhula Chichewa izi si zachilendo. Timati kutuluka koma kutulutsa, kudzuka koma kudzutsa, kuuluka koma kuulutsa, ndipo palibe amene amakayika kuti ndi tsinde limodzi ngakhale k wasanduka ts.

Kufika apa tapeza kuti mwambo kwa Asilavu akale unali chinthu chimene anthu achizolowera mbali zonse. Zikanathera pomwepa sizikanakhala zodabwitsa, chifukwa zinenero zambiri zimapanga liwu la mwambo kuchokera ku kuzolowera. Chimene chimandikoka ine ndi m'bale wake wa tsinde la vyk, amene sakufanana nalo n'komwe pa maso.

Mneni wa Chisilavu wotanthauza kuphunzitsa ndi učiti. Kuchokera pamenepo pali učitel, mphunzitsi, učenik, wophunzira, ndi nauka, liwu limene ku Russia, Poland, Serbia ndi Bulgaria limatanthauza sayansi. Bungwe lalikulu la asayansi ku Poland ndi Polska Akademia Nauk. Tsinde la mawu onsewa ndi uk, ndipo uk ameneyu ndi vyk ndi amodzi. Zimatheka bwanji? M'zinenero za banja la Indo-Europe, tsinde limodzi linkasintha lembo la liwu la m'kati mwake malinga ndi ntchito. Tsinde lathuli linali ndi maonekedwe awiri ofunika pano: ouk ndi ūk, wa u wautali. M'Chisilavu, ou wakale anasanduka u, choncho ouk anakhala uk, ndipo k atafewa patsogolo pa i tinapeza učiti. U wautali anasanduka y, liwu lija lapakati pa i ndi u limene alendo amavutika nalo pophunzira Chirasha. Koma Asilavu sankayamba liwu ndi y, ankaikapo v patsogolo. Katumbu, kanyama ka m'madzi kaja, ku Lithuania amati ūdra, pamene Asilavu amati vydra. Mwanjira yomweyo ūk anakhala vyk.

Ubale wa aneni awiriwa ndi wa wochita ndi wochititsa. Vyknǫti ndi kuzolowera. Učiti ndi kuzoloweza wina. Mphunzitsi, m'maganizo a amene anapanga mawuwa, ndi munthu wozoloweza, ndipo wophunzira ndi amene akuzolowezedwa. M'mabuku akale a tchalitchi vyknǫti ankagwiritsidwa ntchito ponena za kuphunzira kumene, moti malire a kuphunzira ndi kuzolowera sanali olimba ngati mmene alili lero. Mwambo wa agogo ndi sayansi ya ku yunivesite, zinthu zimene masiku ano anthu amakonda kuziika mbali ziwiri zotsutsana, m'zinenero izi zinatuluka m'tsinde limodzi.

Tsindeli ndi lakale kuposa Asilavu eni ake. Ku Lithuania, kumene chinenero chawo ndi chapachibale kwambiri ndi Chisilavu, kuzolowera ndi junkti, kuweta nyama ya kutchire mpaka izolowere anthu ndi jaukinti, ndipo nyumba yofunda bwino, imene munthu amakhalamo mtima uli m'malo, amati ndi jaukus. M'Chisansikiriti cha ku India wakale, ucyati ndi kuzolowera kapena kukondwera ndi chinthu, ndipo okas ndi kwawo kwa munthu, malo amene anawazolowera. M'Chiameniya chakale usanim ndi “ndikuphunzira”. Tikaika pamodzi mawuwa, tikuona kuti tanthauzo lakale silinali la kuloweza zinthu pamtima. Linali la kukhala pafupi ndi chinthu mpaka mantha atatha, mpaka chitasanduka chako.

Umboni umene ndimaukonda koposa uli mu Uthenga Wabwino wa Luka. Cha m'ma 350, bishopu wa Agoti dzina lake Wulfila anamasulira Baibulo kuchokera m'Chigiriki kupita m'Chigotiki, chinenero cha banja la Chijeremani chimene chinafa kalekale. Iye ndi anthu ake ankakhala kummwera kwa Danube, m'dera limene lero ndi kumpoto kwa Bulgaria. Zambiri mwa zimene zinatsala za ntchito yake zili m'buku la Codex Argenteus, lolembedwa ndi inki ya siliva pa zikopa zofiirira, limene likusungidwa ku Uppsala ku Sweden. Pa Luka 2:42, pamene makolo a Yesu akupita naye ku Yerusalemu ali ndi zaka 12 potsata mwambo wa chikondwerero, Chigiriki chili ndi liwu lakuti ethos. Wulfila anaika biuhti. Patatha zaka pafupifupi 500, mu 863, abale awiri a ku Thessaloniki, Cyril ndi Methodius, anapita ku Moravia, dziko la Asilavu pakati pa Ulaya, ataitanidwa ndi mfumu Rastislav, n'kuyamba kumasulira Malemba m'Chisilavu pogwiritsa ntchito zilembo zimene Cyril anapanga. Pa vesi lomwelo, Baibulo la Chisilavu cha tchalitchi lili ndi obyčaj. N'chimodzimodzinso pa Luka 4:16, pamene Yesu akulowa m'sunagoge tsiku la Sabata monga anazolowera. Biuhti ndi bi, mphatikira wotanthauza pafupi kapena mozungulira, kuphatikiza tsinde lomwe lija la uk. Omasulira a mitundu iwiri, a nthawi zosiyana, osadziwana, anafika pa vesi limodzi ndipo aliyense anatola m'chinenero chake liwu lomangidwa mofanana kuchokera ku tsinde la makolo amodzi.

Wina angafunse ngati Asilavu sanangobwereka liwuli kwa Agoti. Funsoli ndi loyenera, chifukwa anabwerekadi mawu ena kwa anthu a zinenero za Chijeremani: chlěb, buledi, ndi mmodzi mwa mawu otere, ndipo m'Chigotiki ndi hlaifs. Koma pano katchulidwe kakukana. M'zinenero za Chijeremani k wakale anasanduka h, lamulo limene Jacob Grimm analifotokoza mu 1822, n'chifukwa chake Agoti ali ndi h mu biuhti. Asilavu akanabwereka, akanatenga h yemweyo monga anachitira ndi buledi. Iwo ali ndi k mu zvyk ndi mu nauka, kusonyeza kuti tsindeli analilandira kwa makolo awo, osadzera kwa Agoti.

Apa ndi pamene kafukufuku wa chiyambi cha mawu amasiyana ndi nkhambakamwa. Kufanana kwa pa maso sikutsimikizira kanthu. Obyčaj amafanana ndi byt koma si abale, pamene obyčaj ndi nauka alibe lembo limodzi la tsinde looneka lofanana koma ndi a mimba imodzi. Chimene chimagamula ndi chakuti kusintha kulikonse kumene mwatchula kuonekenso m'mawu ena ambiri. Ntchito yosonkhanitsa umboni wotere inatenga mibadwo. Franz Miklosich, wa ku Slovenia, anatulutsa dikishonale ya chiyambi cha mawu a Chisilavu ku Vienna mu 1886. Aleksander Brückner anatulutsa ya Chipolishi mu 1927. Max Vasmer, amene anabadwira ku Saint Petersburg n'kukaphunzitsa ku Berlin, anasonkhanitsa makadi a mawu a Chirasha kwa zaka zambiri, koma mu Januwale 1944 bomba linagwera nyumba yake ndipo makadi ndi mabuku ake zinapsa. Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse itatha anayambiranso, ndipo dikishonale yake inatuluka ku Heidelberg pakati pa 1950 ndi 1958. Oleg Trubachev anaimasulira m'Chirasha n'kuwonjezeramo zake, m'mabuku anayi amene anatuluka kuyambira 1964 mpaka 1973. Munthu amene lero amapeza chiyambi cha obyčaj pa intaneti m'mphindi imodzi akudya thukuta la anthu amenewa.

Tisapitirire nazo muyeso. Mayi wa ku Kraków akamanena obyczaj saganiza za sukulu, ndipo wasayansi wa ku Sofia akamanena nauka saganiza za miyambo ya ukwati. Ubale wa mawuwa unazimiririka m'makutu a eni ake zaka mazana ambiri zapitazo. Chiyambi cha liwu chimatiuza mmene anthu analionera chinthu pa nthawi imene ankachipatsa dzina, osati zimene aliyense wolitchula lero akutanthauza. Komabe mmene miyambo imayendera pakati pa Asilavu zikugwirizana ndi dzinali. Taonani slava ya ku Serbia, tsiku limene banja lililonse la Chiorthodox limakumbukira woyera mtima woliyang'anira, mwambo umene UNESCO inaulemba m'kaundula wake mu 2014. Patebulo pamakhala kandulo yaitali, mbale ya tirigu wowiritsa wotsekemera, vinyo wofiira, ndi buledi wozungulira wokongoletsedwa pamwamba, wotchedwa slavski kolač. Wansembe kapena mwini nyumba amacheka bulediyo kunsi mopingasa ngati mtanda, n'kuthira vinyo m'mene wachekamo. Kenako a pabanjapo amamugwira pamodzi, kumuzunguza m'manja akuimba, n'kumunyema. Woyera mtimayo amachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Mwanayo amadziwa pogwira buledi ndi nthawi yoyatsa kandulo chifukwa chaka ndi chaka amaimirira pambali pa bambo ake mpaka manja ake atazolowera.

Obyčaj sanali yekha pa ntchito yotchula mwambo. Mbiri yakale ya anthu a Rus, dziko lakale la Asilavu a kum'mawa, imene inalembedwa ndi amonke ku Kyiv cha m'ma 1113, pofotokoza mafuko a Asilavu a kum'mawa imanena kuti fuko lililonse linali ndi obyčaj wake, zakon ya makolo ake, zosiyiridwa zake ndi nrav yake. Nrav ndi khalidwe kapena mtima wa munthu. Zakon lero ndi lamulo la boma, koma nthawi imeneyo linkatanthauzanso mwambo wa makolo, ngakhale chipembedzo chimene. Mlembiyo sanabise mbali imene anali. Apolyane, anthu a dera la Kyiv kwawo, anawatama kuti mwambo wawo ndi wofatsa ndi waulemu, pamene a Drevlyane oyandikana nawo anawanena kuti amakhala ngati zilombo. Kuyambira pa zolembedwa zoyambirira zomwe, liwu la mwambo linali kale chida choyezera anthu a kutsidya.

Pang'onopang'ono zakon inapita kwa mafumu ndi makhoti, obyčaj n'kutsala m'midzi. Koma m'madera ambiri mwambo wa m'mudzi ndiwo unkagamula milandu ya minda, chuma cha masiye ndi maukwati. Valtazar Bogišić, katswiri wa malamulo wochokera ku Cavtat m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, anatumiza mafunso m'madera a Asilavu a kummwera kufunsa mmene anthu amaweruzira nkhani zotere, ndipo mayankho ake anawasindikiza ku Zagreb mu 1874. Atapatsidwa ntchito yolemba lamulo la katundu la dziko la Montenegro, limene linayamba kugwira ntchito mu 1888, sanangokopera malamulo a ku France kapena ku Austria. Anamanga pa zimene anthu a m'mapirimo ankatsata kale, n'kuzilemba m'chinenero chimene iwo akanamva. Ndimaona kuti anachita mwanzeru, chifukwa lamulo limene anthu sanalizolowere limakhala pa pepala pokha. Mpaka lero ophunzira malamulo ku Belgrade amaphunzira za običajno pravo ndipo a ku Moscow za obyčnoe pravo, malamulo a mwambo.

Tsinde lomweli linatsikiranso ku zinthu zazing'ono. Chinthu wamba, chosadabwitsa, ku Russia ndi obyčnyj, ku Czechia obyčejný, ku Poland zwykły kapena zwyczajny, moti soseji ina yotchuka m'mashopu a ku Poland imangotchedwa zwyczajna. A Polishi amasiyanitsa bwino: obyczaj ndi mwambo umene ukauphwanya anthu amakuyang'ana, zwyczaj ndi zimene anthu amangochita kawirikawiri, ndipo nawyk ndi chizolowezi cha munthu payekha, monga kudzuka m'mamawa kapena kusuta. A ku Czechia, ponena za kuvuta kosiya chizolowezi, amati zvyk ndi malaya achitsulo.

Oyandikana ndi Asilavu nawo anatapako. Chiromaniya ndi chinenero chochokera ku Chilatini, koma kwa zaka mazana ambiri tchalitchi ndi maofesi a mafumu a ku Wallachia ndi Moldavia, maiko akale a anthu olankhula Chiromaniya, ankalemba m'Chisilavu, ndipo anthu ankakhala moyandikana. Lero mwambo m'Chiromaniya ndi obicei, malamulo akale osalembedwa ankatchedwa obiceiul pământului, mwambo wa dziko, ndipo wophunzira ntchito ya manja kapena wophunzira wa Yesu ndi ucenic. Anatenga nthambi zonse ziwiri za tsindeli, ya mwambo ndi ya kuphunzira. A ku Albania anatenga liwu lina lija: kwa iwo zakon mpaka lero ndi mwambo, tanthauzo limene eni ake analisiya. Kubwerekaku kunalinso kwa mbali ziwiri. M'zaka za ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa anthu a ku Turkey, ku Balkan, liwu la Chiarabu lotanthauza chizolowezi linalowa kudzera m'Chiteki n'kukhala adet, ndipo ku Bosnia, Serbia, North Macedonia ndi Bulgaria limamvekabe pambali pa običaj, makamaka m'kamwa mwa akuluakulu ndi pa nkhani za ukwati, maliro ndi kulandira alendo.